Telala Amene Ankasala Mwa Kudya

Telala wa mpingo wathu, amene tonse tinkangowaitana kuti Azakhali, paubwana wawo anali mwana wofatsa, wokonda kukhala pazenera n'kumaonerera fumbi likuvina m'kuwala kwa dzuwa. Ali mtsikana anapezeka ndi matenda a shuga, aja ofuna kudzibaya insulini tsiku ndi tsiku. Sanadandaule. "Masana ndimabaya nsalu za eni, m'mawa ndi madzulo ndimabaya yanga," ankatero akuseka.

Chinkawadya mumtima chinali kusala kudya. Anzawo akamasala, iwo ankadziona ngati mkhristu watheka. Tsiku lina anadzibaya mankhwala, osalawa kanthu, n'kuuyamba wapansi wa kutchalitchi. Ali m'njira, msewu unayamba kuyandama ngati nsalu yoyanika pachingwe, mawu a anthu akumveka kutali ngati ali pansi pa madzi. Mlamu wawo anawapeza atakhala pakhonde la sitolo, akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, nawamwetsa madzi a shuga.

"Alamu, kumwambako mukufuna mukafike osaitanidwa?" anawakalipira, misozi ili m'maso.

Abusa atamva anabwera kunyumba. "Mayi, Mulungu sanakupempheni njala. Kusala kwanu ndi kudya pa nthawi yake, ngakhale anthu akuyang'aneni."

Mtanda wawo unali wolemera, poti ena ankanong'onezana akawaona akutafuna buledi pakati pa mapemphero. Koma anamvera. Madzulo aliwonse ankayeza shuga, kuyang'ana mapazi ngati pali kabala, kuika maswiti m'thumba, n'kuyenda pang'onopang'ono kukazonda odwala, akuimba chamumtima. Kwa amayi amantha a ana odwala shuga ankati, "Musamutsekere m'nyumba mwanayo. Adye, athamange, inu muzingomuyang'anira."

Atakalamba maso anachita chifunga, koma kuyenda sanasiye. Ankazungulira bwalo la nyumba atagwira chingwe choyanikira zovala, akunena kuti akuona kuwala kofewa kutsogolo. M'mawa wina, mpingo uli pa kusala, anadya chakudya chawo mosabisa, anathokoza, anatsamira pampando, n'kugona tulo tosadzukanso.

Kuyambira sabata ya maliro awo, tsiku losala likafika, kumbuyo kwa tchalitchi kumakhala tebulo la tiyi ndi buledi. Odwala amapita kukadya mutu uli m'mwamba, ndipo palibe amatembenuka kuwayang'ana.