Apongozi Anga ndi Mayuniti Awo

Apongozi anga, a Lazarous Nkhoma, sataya kanthu. Anabwera kuno ku Chongwe kuchokera ku Katete amuna anga asanabadwe, ali ndi khasu ndi bulangete basi. Msomali wopindika amauwongola n'kuuika m'chitini. Matumba a feteleza akalekale ali opindapinda pansi pa bedi lawo. Chaka cha chilala chija, anthu akudya chimanga chachikasu chathandizo, iwo anali ndi choyera m'nkhokwe, ndipo nkhani imeneyo mpaka lero sinathe pakamwa pawo. Ndi munthu wabwino, samwa, sakalipa. Koma zimene anandichita Disembala wathayu zikundiwawabe.

Chaka chatha, cha 1999, mwana wawo wamkazi, alamu anga a Doris amene amagwira ntchito ku Lusaka, anawabweretsera foni ya m'manja. Inali yakale, yonenepa ngati chinangwa, koma m'mudzi monse inali yoyamba. A Doris anafotokoza kuti pali njira ziwiri. Ina umalipira mwezi ndi mwezi, kaya walankhula kaya sunalankhule. Ina umagula khadi, n'kulipala ndi chikhadabo, n'kulowetsa manambala ake mu foni, ndiye walandira mayuniti olankhulira. Apongozi anasankha khadi, kakang'ono kwambiri pa onse, ndipo a Doris anakapala n'kulowetsa manambala ake tsiku lomwelo. Pamenepo ine sindinaone cholakwa. Ife tili ndi anthu angati oimbira?

A Doris anawachenjeza ine ndikumva. "Atate, aka ni kotchipa, koma kali na masiku yake. Muzitumako foni, mayuniti sakhalitsa."

"Sakhalitsa kwa imwe a mu tauni," anatero apongozi. "Ine nidziwa kusunga."

Anaikulunga foniyo m'pulasitiki ya shuga, n'kuikulunganso m'thaulo, n'kuitsekera m'bokosi la malata. Lamulungu lokha ndiye inkatuluka, ili yozimitsa, m'thumba la jekete.

Amuna anga a Ezron amagwira ntchito yocheka matabwa ku Kitwe. Ku ofesi yawo kuli foni, ukaimba kalaliki amawaitana. Kumayambiriro kwa Disembala akatekisi analengeza kuti bambo mfumu abwera kudzabatiza makanda Khirisimasi isanafike, akachoka ndiye mpaka Pasaka. Ananenetsanso kuti pafunika makolo onse awiri. Mwana wathu Keziah anali asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo ndinamulembetsa tsiku lomwelo. Chotsala chinali kuuza atate ake.

Tsono vuto langa nali. Kwathu mkamwana salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Apongozi aakazi, amene akanandinenera, anamwalira ndisanakwatiwe. Choncho ine ndi a Nkhoma timalankhulana kudzera mwa Keziah. Ndinagwada chapatali, iwo akusema mpini pansi pa mtengo wa mango, ndinayang'ana mwana.

"Keziah, uza ambuya ako kuti atate ako afunika kumva tsiku la ubatizo. Foni ija ingatithandize."

Iwo osadzutsa mutu anati, "Keziah, uza amai ako kuti mayuniti yaja ni ya maliro na matenda. Kodi iwe udwala? Ona, aseka."

"Keziah, uza ambuya kuti ni mau yawiri chabe."

"Keziah, mau yawiri ya azimai niyadziwa. Nati tizaona mailo."

Mawa lake anati kuli mitambo, foni singagwire. Tsiku lina anati munthu wa nzeru satsegula nkhokwe mu Disembala njala ili mu Febuluwale. Ndinaganiza zokaimba ku positi ku boma, koma anthu akanati chiyani? Mkamwana wa a Nkhoma, eni foni m'mudzi muno, waima pamzere ku positi! Ndinkaopa kuwachititsa manyazi, ndiye ndinangodikira.

Sabata ya ubatizo itafika, mtima unandithera. Ndinagwada pamalo pomwe paja.

"Keziah, funsa ambuya ngati afuna uyambe wadwala kuti foni ichoke mu bokosi."

Anakhosomola, n'kuika mpini pansi. "Keziah, amai ako lero adya tsabola." Koma analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thaulo lija.

Foni inakana kuyaka. Batire inali itatha yokha m'bokosimo. Anakwera njinga kupita nayo ku boma kwa ometa tsitsi amene ali ndi magetsi, tsikulo n'kupita choncho. M'mawa mwake tinanyamuka kupita pa chulu chachikulu cha m'mbali mwa msewu wa ku Chipata, chifukwa kwathu kuno foni imagwira pamenepo pokha. Mvula inali itagwa, chulu chili tererere. Iwo patsogolo ndi jekete la ku tchalitchi, ine pambuyo ndi mwana kumsana, tikugwira udzu.

Pamwamba anavala magalasi n'kudina manambala okha, pang'onopang'ono, ngati akubzala nyemba. Mu foni munamveka mawu a mzimayi akulankhula Chingerezi. Apongozi anavula chipewa.

"Inde amai, mwauka bwanji? Nine Nkhoma wa ku Chongwe. Nifuna mwana wanga Ezron."

Mzimayiyo anangobwereza zomwezo. Apongozi anayesanso, zomwezo. Kenaka anatambasula dzanja, nkhope atayang'ana kumbali, kuti ndimvereko. Ine ndinalekeza giredi seveni, koma zimenezo ndinazimva bwinobwino.

"Keziah," ndinatero, "uza ambuya ako kuti masiku ya khadi yanapita kudala. Mulibe kanthu umu."

"Mulibe bwanji? Ndani wadya? Ine sininagwireko olo kamodzi! Keziah, kodi mu foni mumangena anankafumbwe?" Anaibweza kukhutu. "Amai, imwe amai, lekani kubwereza, timvane. Mayuniti yanga mwayapeleka kuti?"

Ndinatsala pang'ono kuwayang'ana m'maso n'kulankhula ndekha, Mulungu anandigwira pakamwa. Ndinatsika chulucho chokhala pansi, chitenje chonse matope, n'kuimitsa minibasi yopita ku boma. Za manyazi ndinaiwala. Ku positi ndinaima pamzere ndi matope angawo mpaka ndinaimba.

Kalaliki wa ku Kitwe anali munthu waulemu. "Ba Ezron? Mayo, anapita dzana na lole ku thengo kukatenga mitengo. Azabwela Khirisimasi itapita. Sembe munatuma sabata yatha, bwana sembe anawalola."

Lamulungu ndinakhala kumbuyo kwenikweni m'tchalitchi, ndikuona ana a anzanga akulira ndi madzi pamutu. Keziah anagona tulo osadziwa kanthu. Apongozi anaimba nyimbo zonse mokweza kuposa masiku onse, ndipo sanayang'ane kumbali ya azimayi.

Chaka chatsopano chitalowa anabwera pakhomo panga ndi nkhuku, chinthu chimene sanachitepo. Anaimika njinga, n'kutulutsa khadi latsopano m'thumba, kakang'ono komwe kaja.

"Keziah, uza amai ako kuti manje nachenjela. Ili sinizalipala mpaka tsiku lofunika. Tione ngati uja mzimai azalowa mu bokosi yanga."

Ndinalandira nkhuku ndi manja awiri. Khadilo nditalitembenuza ndinaona kuti kumbuyo kwake nakonso kuli deti lothera, lolembedwa ting'onoting'ono. Ndinauza Keziah kuti awauze. Anayankha kuti amene analemba zimenezo akufuna kungoopseza anthu.

Sindinatsutse. Za Pasaka ndawauza kale a Ezron, pa foni ya ku positi, ndipo ndinaima pamzere masana anthu onse akuona. Kadiresi koyera kamene ndinamusokera Keziah kayamba kale kumuthina m'khwapa, moti dzulo ndinakasomola kuti ndiwonjezere nsalu.