Filiji ya Abusa Itabwerera M'mbuyo

Ntchito yokonza mafiliji imakoma dzuwa likamaswa mtengo. Kukangoyamba kuzizira, aliyense amakupatsa moni koma palibe wokuitana. Bambo ena amene anthu a mumsewu wawo ankangowatchula kuti Afiliji ankazidziwa bwino zimenezi, poti ntchitoyi anaiyamba adakali ndi tsitsi.

Anali munthu wamfupi, wa manja akuluakulu, wosachedwa kuzizidwa. M'nyengo yozizira ankadzuka atavala kale, chifukwa ankagona ndi zovala za mawa lake. Ankawonjezera masokosi pamwamba pa masokosi, kudzola mafuta pamilomo mpaka kunyezimira, n'kuvala chipewa chimene akazi awo analuka atakwiya, moti chinkafika m'maso. Tiyi ankamwa choimirira, nkhope ili pa nthunzi ya ketulo.

"Mukukatani kushopuko?" akazi awo ankafunsa m'mawa uliwonse. "Kunja konseku ndi filiji kale. Anthu akungoika mkaka pawindo."

"Ntchito ndi ntchito, amayi. Mafiliji angaone ngati ndawathawa."

Akatero ankatsika masitepe, manja ali m'khwapa, ulendo.

Shopu yawo inali kachipinda kopapatiza pakati pa malo ometera ndi sitolo ya matayala, kodzaza ndi mafiliji akufa amene eni ake sanabwerenso kudzatenga. Mu ina ankasungamo zida, mu ina jekete. Yaikulu kwambiri anaigoneka chagada n'kuyalamo bulangete, ndipo mphepo ikamalowa pansi pa chitseko ankakhalamo ngati munthu ali m'bafa, miyendo ili kunja. Ankati padziko lapansi palibe malo ofunda kuposa filiji yozima.

Chowatayitsa nthawi chinali chimbale chimodzi basi. Alamu awo posamuka anasiya wailesi, chimbalecho chili m'kati, ndipo kachitseko kake kanakanirira osatsegukanso. Alamuwo ankati nyimbozo ndi zachingerezi, za mtundu wotchedwa niyo solo, zakalekale, ndipo odziwa nyimbo amazivulira chipewa. Woimba wake anali mayi wa mawu okhuthala, wosadziwa kufulumira. Ng'oma zinkabwera mochedwa pang'ono ngati zikukoka mwendo, besi n'kumamvekera m'chifuwa osati m'makutu. Mawu ake Afiliji sankawamva onse, koma nkhani ankaitsata: mayiyo akudandaula za mwamuna, kenako amukhululukira, kenako amulongedzera katundu.

"Musiyeni ameneyo, achemwali," ankamulangiza ali m'filiji mwawo. "Si munthu."

Tsiku lina m'mawa, kuli chisanu choluma makutu, galimoto inaima pakhomo. Anatsika amayi busa a tchalitchi cha kuseri kwa msika, mayi wodekha wovala juzi lofika m'mawondo, ndipo akulu a mpingo awiri anatsitsa filiji yoyera. Inali itangozima yokha, ndipo munkakhala mankhwala a abusa amene safuna kutentha ngakhale pang'ono.

Afiliji anasangalala ngati mwana. Anatsegula kumbuyo, kuyeza apa, kugogoda apo, kununkhiza. Zonse zinkaoneka zabwinobwino, koma filiji inali duu. Dzuwa litafika pamutu anagwa ulesi, anayatsa wailesi n'kuthira tiyi. Besi itangolowa, filiji ija inatsokomola, n'kuyamba kulira bwinobwino.

Anazimitsa wailesi. Filiji zii. Anayatsanso. Filiji inadzuka.

Anagogoda khoma kuitana wometa kuti adzakhale mboni. Wometayo anabwera ndi lumo m'manja, kusiya kasitomala atametedwa mbali imodzi.

"Tayesani nyimbo zina, achimwene."

Anayesa nkhani za pawailesi, filiji osalabadira. Anayesa mpira, anayesa kwaya. Wometa anafika poimba yekha, kukamwa kuli pafupi ndi chitseko cha filiji. Palibe chinachitika mpaka mayi wa m'chimbale uja atayambanso kudandaula za mwamuna wake.

Madzulo kunabwera abusa eni ake, munthu wamtali wokulunga sikafu mpaka m'mphuno, amene ankadziwika ndi kuletsa nyimbo zakudziko ngakhale paukwati. Anamvetsera nkhani yonse osaphethira.

"Mukundiuza kuti filiji yanga yabwerera m'mbuyo?"

"Ine za moyo wake wauzimu sindingadziwe, abusa. Ndikungonena zimene ikufuna."

Abusa anavula magolovesi, anasanjika manja pafilijiyo n'kupemphera mpaka nthunzi inadzaza m'shopu. Filiji sinanene kuti amen. Pomaliza amayi busa anati mankhwala sangadikire kuti filiji ilape. Choncho filiji inakwera galimoto, wailesi inakweranso, poti chimbale sichikanatuluka. Kunyumba anaiika pamwamba pa filijiyo n'kuivundikira ndi nsalu ya patebulo. Inkaimba usana ndi usiku, ikafika kumapeto n'kuyambiranso, ndipo alendo akafunsa ankauzidwa kuti ndi phokoso la oyandikana nawo.

Amene anavutika ndi Afiliji. M'shopu munangoti zii. Ankagona m'filiji mwawo n'kumayang'ana kudenga, tiyi n'kuzizira ali m'manja. Wometa anayesa kuwabwereka wailesi yake, koma inkaimba nyimbo zothamanga ngati zikuthawa galu. Choncho anayamba chizolowezi chatsopano: m'mawa uliwonse, asanatsegule shopu, ankadzera kwa abusa, ati kukazonda wodwala. Ankayika khutu pafiliji, kugwedeza mutu ngati dokotala, n'kukhala pampando mpaka mayi uja atamulongedzera mwamuna katundu.

Anthu a mumpingo nawo anayamba kuona zachilendo. Abusa, amene kale ankalalikira ngati akukangana ndi munthu, anayamba kuima pakati pa mawu, maso ali chitsinzinire, phewa likutsika pang'onopang'ono. Kwaya nayo anaiuza kuti isamathamange, kumwamba kulibe basi yoti iwasiye.

M'mawa wina Afiliji anafika molawirira n'kupeza chitseko cha kukhitchini chili chotsegula. Amayi busa anali atakoka filiji kuti asese kumbuyo. Wailesi inali yozima. Filiji inkalira bwinobwino.

Anayang'anizana. Kenako Afiliji anawerama n'kuona kawaya kena, pansi penipeni, katamangidwa ndi ulusi wolukira tsitsi.

"Ndinakaona sabata yoyamba yomwe ija ndikusesa," amayi busa anatero motsitsa mawu. "Kankangolendewera. Besi ikagunda kankagwedezeka n'kukhudza pamalo pake. Ndinangokamanga."

Afiliji anamva kutentha m'makutu koyamba chiyambire nyengo yozizira. Zaka zonse zija pantchito, kawaya kotere n'kuwadutsa!

"Nanga bwanji simunanene, amayi?"

Amayi busa anatsamira tsache. "Bambo, ine ndinalowa m'nyumba muno ndili mtsikana. Chilowereni sindinamvepo nyimbo yopanda aleluya. Dzana abusa anatseka makatani, anandigwira dzanja, tinavina pompano. Anandiponda zala zonse, koma tinavina. Ndiye mukufuna ndinene chiyani?"

M'khonde munamveka masilipasi. Amayi busa anakankha filiji ndi chiuno, Afiliji anadina batani, ndipo pamene abusa ankalowa mayi wa m'chimbale uja anali atayamba kale kudandaula.

"Wodwala wathu ali bwanji lero, a dokotala?"

Afiliji anayika khutu pafiliji kwa nthawi ndithu. Sanali munthu wabodza, choncho anasankha mawu mosamala.

"Akupeza bwino, abusa. Koma mankhwala asasiye."

"Ndimadziwa," abusa anatero mousa moyo, phewa likutsika kale. "Mtanda wina umabwera mosayembekezeka."

Mbiri ya filiji ya abusa inawanda, chifukwa wometa sasunga nkhani. Anthu anayamba kubweretsa mafiliji awo ngakhale kunja kukuzizirabe, aliyense atanyamula zimbale zake kuti ayesere. Mayi wina anaumirira kuti yake imakonda nyimbo za maliro. Afiliji ankalola kuti nyimbo ziimbe, iwo ali chogwada kumbuyo, kuyang'ana kawaya kalikonse ndi tochi, ndipo chaka chimenecho anagwira ntchito yambiri m'chisanu kuposa m'chilimwe.

Mphepo itayamba kufunda, kunabwera mphunzitsi wina atakumbatira simbi yositira yomwe inasiya kutentha. Anaiika patebulo mwaulemu n'kufunsa kuti mwina ingafune nyimbo zanji.

Afiliji anaitembenuza uku ndi uku, n'kum'bwezera.

"Pepani aphunzitsi, ine ndimadziwa mtima wa mafiliji okha. Za masimbi kafunseni kutsidya kwa msewu."