Zithunzi za m'foni ya achemwali

Tsiku limene adzalembe mbiri ya akatswiri ojambula a ku Neno, dzina langa liyenera kudzakhala pamwamba. Ndinafufuza mofatsa, wopikisana naye sindinamupeze. Vuto ndi limodzi lokha, laling'ono: ndilibe chithunzi ngakhale chimodzi choti ndikuonetseni.

Koleji ndinaisiya m'chaka chachiwiri. Kwathu ku Chifunga ndinkauza anthu kuti ndikupumula kaye, ndipo ndinapumuladi zaka zitatu. Amene sankandiseka ndi achemwali anga aakulu okha, mphunzitsi wa sitandade 4. Iwo anali atalemba nkhani yaitali ya ana m'makope atatu, ya kamtsikana kogulitsa manachesi kamene kankalakalaka kukaona mtsinje wa Shire. Matenda a impso atawagoneka, anandiitana.

"Iwe, paja kukoleji kuja kompyuta unaikhudzako, eti?"

"Ndinaikhudza, achemwali. Kawiri."

"Basi zakwana. Undijambulire zithunzi. Ana anga sangawerenge buku lopanda zithunzi."

Ana awowo anali a m'kalasi. Awoawo analibe.

Anandipatsa foni yawo, ya galasi lalikulu. Ndinaikamo pulogalamu yojambulira n'kuyamba kuphunzira pa mavidiyo, nditakwera pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, poti netiweki imafika pomwepo. Chala changa n'cha khasu. Ndikati ndijambule diso, chinkatuluka chibowo. Ndiye ndinadzipangira cholembera: mpopi wa bolopeni, kathonje konyowa kumapeto, n'kukulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ndinaphunziranso kuti pafoni umajambula mosanjikiza, mizere payokha, utoto pansi pake, kuti ukalakwitsa siketi usafufute mwana yense.

Chithunzi choyamba ndinachipereka ngati satifiketi imene sindinabwere nayo. Achemwali anachiyang'ana ali gone pamkeka pakhonde. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana ameneyu ndi wa kwa ndani? Maso ngati mbale, tsitsi mpaka m'chiuno. Ku Neno kuno amadya chiyani?"

"Ndi mmene amajambulira m'mavidiyo."

"Nanga beseni walisenza popanda nkhata? Ukufuna aphweteke mutu?"

Ndinafufuta tsitsi, ndinaika nkhata. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankatenga foni, n'kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri zotupa, n'kundipezera mlandu. Mbuzi yako yafanana ndi galu. Mapiri akowa alibe miyala. Mwezi wachinayi, mawu atayamba kuchepa, anayang'ana kamtsikana kaja nthawi yaitali.

"Uyu ndiye ndamudziwa," anatero. "Amakhala kutsogolo, sabwera ndi pensulo."

Tinagwirizana zithunzi 24. Anamwalira nditamaliza 19.

Maliro atatha, linafika tsiku logawa katundu wa malemu. Amalume, eni mbumba, anakhala pampando, ife pansi. Zitenje zinapita kwa azakhali, nsapato kwa asuweni. Kenako anafunsa kuti foni ya malemu ili kuti.

Inali m'thumba mwanga. Ndinayenera kuyankhula pomwepo. Koma tangoganizani: lova wothawa sukulu, manda asanaume, akukakamira foni ya mlongo wake pamaso pa akuluakulu. Mudzi ukanaiwala za malirowo n'kumakamba za ine. Ndinagwada n'kuipereka ndi manja awiri. Amalume anaigawa mwachilungamo, inagwera iwo omwe.

Ndinati ndidikire sabata imodzi, misozi iume, kenako ndikapemphe mwaulemu kuti ndichotsemo zithunzi. M'mavidiyo muja munali gawo lonena za kusunga zithunzi malo awiri. Gawo limenelo ndinkalidumpha, kuopa kutha bandulo.

Sabata itakwana ndinapalasa njinga mpaka ku Midzemba. Amalume anandilandira mwansangala.

"Mphwanga, foni ija unaitseka ndi timizere tako tija, ine ndikanaitsegula bwanji? Ndinapita nayo ku Lisungwi kwa okonza mafoni, anaiflasha. Akuti achotsamo zinyalala zonse. Pano ikuthamanga ngati yatsopano, taona."

Ndinaona. Munali zithunzi zitatu, zonse za nkhumba yawo.

Sindinawauze chimene chinali m'menemo. Akanatani nazo? Ndinangoti ndi nkhumba yabwino, ndipo kunena zoona inali yabwinodi. Makope atatu aja ndili nawo mpaka lero, m'jumbo, pamwamba pa kabati. Ana a kalasi ija pano ali ku sekondale, ena anakwatiwa, ndipo nkhaniyo sanaimvepo.

Nditakwera njinga kuti ndizibwerera, amalume anandiitananso.

"Komatu poti wotseka unali iwe, ya oflasha aja ubweza ndiwe."

Ndinatsika, ndinapisa m'thumba. Inali K1,500.