Mkulu Wokana Kukhululukiridwa Ngongole

Ku Sinda kuli mkulu wina wokonza njinga amene salola kuti munthu awanyamulire ngakhale pampu. Amatsokomola kwambiri, koma ukawafunsa za chifuwacho amayankha mwaukali kuti, "Wabwera ndi njinga kapena ndi mankhwala?"

Chaka chatha anatenga malata pa ngongole kwa mwini sitolo wina, atapangana kuti adzalipira akakolola mtedza. Asanakolole, mkuluyo anagonekedwa m'chipatala, ndipo atangotuluka, mwini sitolo uja anafika ndi ulemu wodabwitsa.

"Madala, gulitsani mbuzi mulipire theka lero. Zotsalazo ndakukhululukirani."

Ana awo anakondwa, koma mkuluyo anakwiya kwambiri, ndipo sanalakwe. Kodi chifundo chimene chimayembekeza kuti munthu ayambe wadwala n'chifundo? Anaona kuti wamalondayo akuopa kuti wangongole wake safika nthawi yokolola.

"Iwe, wandiika kale m'manda mtedza usanakhwime? Theka lakolo sindikulifuna. Udzalandira zonse, ndipo zidzachokera m'manja mwangamu!"

Mbuzi zija sanagulitse. Tsopano mwini sitolo amadutsa m'mawa uliwonse kudzafunsa ngati amwa mankhwala. Mkuluyo amayankha maso ali pa tayala: "Ndadzukanso, bwana. Pepani."