Imvi za Abambo Osoka Nsapato

M'mawa uliwonse, asanagwire ntchito, abambo ena osoka nsapato pakona ya msewu amatsegula pasipoti n'kuwerenga masiku otsala pa viza. Akhala m'dziko la eni zaka khumi ndi ziwiri, ndipo chaka chilichonse amakawonjezera viza ndi chithunzi chomwechomwecho. Anatsukitsa makope ambiri a chithunzicho atangofika. "Chithunzi sichiwola," amatero.

Chaka chino, kutatsala masiku atatu, mayi wa ku ofesi ya viza anayang'ana tsitsi lakuda pachithunzipo, kenako imvi zawo.

"Bambo, mwana wanuyu abwere yekha."

"Ndine ndemwe, mayi."

"Chithunzi chifanane ndi mwiniwake. Apo ayi, Lachisanu mukwera ndege."

M'mawa mwake abambo aja sanapite kwa wojambula. Anatsegula kachitini ka polishi wakuda n'kuima pagalasi.