Fainala ndi Uthenga wa Feteleza

Fainala anafika ku Chulu ali kamtsikana, makolo ake atachoka ku Mulanje kudzalima fodya pa esiteti. Anakulira m'zigafa, manja ali bii ndi utomoni wa masamba. Atakula anapeza kamunda kakekake, ndipo mchimwene wake atamutumizira foni yamakono kuchokera ku Joni, a kalabu ya alimi anamulowetsa pagulu la Watsapu.

Pagulupo panali alimi a ku Chulu, Santhe mpaka Chamama, ambiri osadziwana nkhope. Ankathandizana ndithu. Wina akajambula tsamba lamawanga, anzake ankamuuza mankhwala ake. Wina akaona lole ya feteleza wotsika mtengo, ankalengeza. M'mudzi mwa Fainala foni yotere inali yake yokhayo, choncho anthu ankamvera kwa iye.

Mvula yoyamba itagwa, pagulupo panabwera mawu a bambo wina: "Feteleza wafika ku Santhe, fulumirani!" Fainala anathamanga khomo ndi khomo. Anthu anapalasa njinga m'matope, amayi ena ana ali kumsana, koma anakapeza depoti ili chitsekere. Mawuwo anali a chaka chatha, wina anangowatumizanso.

"Mayi, munthu ameneyu mumamudziwa?" anafunsa a Lemani, wapampando wa kalabu.

"Ayi bambo, ndinangomva mawu."

"Ndiye chimanga chathu tithire mawu?"

Chimanga chinayamba chikasu. Uthenga wina unabwera wakuti tsopano lole yafikadi, ndipo pagulu panabuka mkangano, ena akuti zoona, ena akuti bodza. Fainala anagwira khasu, nalisiya, naligwiranso. Anene, anthu akavutikenso chabe? Akhale chete, feteleza awadutse? Kenaka anapempha Anesi, mayi wa pagulupo wogulitsa tomato pafupi ndi depoti, yemwe anali asanakumanepo naye, kuti ajambule zomwe zinali padepotipo.

Netiweki inavuta. Fainala anaima pakamtunda kuseri kwa chigafa, foni ili m'mwamba, thukuta lili kamukamu. Chithunzi chitatseguka anaona matumba, ndi mzere wa anthu wofika kale kumsewu.

Anayendanso m'makomo akuonetsa chithunzicho. Ochepa okha ndiwo ananyamuka, ndipo anabwerako ndi feteleza. A Lemani anakana kupita. Mawa lake katundu anali atatha.

Fainala anapempha gulu kuti aliyense wolengeza azitumiza chithunzi ndi kutchula tsiku. Ena anavomera, ena anatuluka akuti mayiyu wayamba kudzimva. Foniyo sanaisiye, koma ikangolira iye ali m'munda, mtima umayamba wagunda asanaitulutse m'chitenje.