Nsomba Yachikasu ya ku Kanjedza

Mayi ena a ku Kanjedza anatuma uthenga kwathu ku Zingwangwa kuti ndipite msanga. Amuna awo, omwe anali ndi shopu ya nsalu ku Limbe, anamwalira n'kusiya thanki yagalasi ya nsomba za m'nyanja yamchere. Anthu anawauza mayiwo kuti ine ndinagwirapo ntchito kwa mzungu wosunga nsomba zotere. Zimenezo n'zoona. Chimene anthuwo sadziwa n'chakuti nsomba za mzunguyo ndinazipha ndine.

Muthankimo munatsala nsomba imodzi yokha, yachikasu, yaikulu ngati chikhatho. Thupi lonse linali timadontho toyera ngati yawazidwa ufa, ndipo inkapuma mofulumira, ikudzikhula pamiyala. Matendawa ndimawadziwa. Ndi tizilombo tolowa pakhungu.

“Iyi ndi imene malemu ankaikonda,” anatero mayiwo. “Ankati ndi yamakani ngati ine. Mankhwala ndi awa, bambo. Thirani.”

Anandipatsa botolo la kopa, mankhwala ophera tizilomboti.

Zaka zambiri zapitazo, ndisanadziwe ngakhale kulemba dzina langa, ndinagwirapo botolo lotere. Bwana wanga, mzungu uja, anali ku tchuthi, nsomba zake zinatuluka timadontho tomweti. Ndinathira theka la botolo, poganiza kuti mankhwala akachuluka kuchira kumafulumira. Kutacha, nsomba zonse zinali zitayandama, nkhono nazo zitafa. Kiyi wa kabati ya mankhwala ankasunga ndi akhukhi, bambo a ana asanu. Ine ndinamutenga iwo osadziwa, koma anachotsedwa ntchito ndi iwo. Ine ndinaima pakhomo ndi tsache m'manja, osaulula kuti ndinathira ndine. Sukulu ya kwacha ndinalowa imvi zitamera kale, ndipo mpaka lero botolo lililonse ndimayamba ndaliwerenga, ngakhale la mafuta ophikira.

“Muno sitithira, mayi,” ndinatero. “Kopa amapha nkhono, komanso amalowerera m'miyala. Wodwala apite kwayekha.”

Tinatsuka chidebe chachikulu chapulasitiki, tinathiramo madzi amchere n'kuikamo pampu ya mpweya. Kenako ndinayang'ana pabotolo. Manambala ndinawaona, koma Chingerezi chake chinali cha timalemba ting'onoting'ono.

“Mundiwerengereko apa.”

“Inuyo si katswiri kodi?”

Ndinawauza zonse, za bwana, za theka la botolo, za akhukhi. Aka kanali koyamba kuuza munthu, ngakhale akazi anga anamwalira osadziwa. Mayiwo anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti andionetsa geti. M'malo mwake analowa kuchipinda n'kubwera ndi magalasi a amuna awo.

“Ndiye tiwerenge awiri,” anatero. “Mukandiphera iyi, tikhala taipha tonse.”

Tinayeza ndi sirinji, iwo akutchula, ine ndikubwereza.

Masiku otsatirawo sindinakhazikike. Ndikakhala kunyumba ndinkaona ngati tinaonjeza muyezo, ndikakwera minibasi ndinkaona ngati tinaperewera. Tsiku lachitatu magetsi anazima masana, pampu inaima. Tinkatunga madzi m'chidebe ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe, tikulandizana, mpaka mkono unachita dzanzi. Mayiwo atapita kukaswali ndinatsala ndekha, ndikuyankhula ndi nsomba ngati wamisala.

Patatha sabata timadontho tinatha, ndipo mayiwo anafuna kuibwezera muthanki. Ndinakana. Tizilomboti timagwera mumchenga, timaswana, n'kubweranso. Thanki iyenera kukhala yopanda nsomba masabata ambiri kuti tife ndi njala. Tinakangana pang'ono, anandinena kuti inenso ndine wamakani.

Koma nsombayo sinkadya. Inkangokhala pakona, mimba italowa. Tsiku lakhumi ndinamangirira tsamba la letesi pakamwala. Inalizungulira kawiri, n'kujompha. Inajomphanso. Ndinakhala pansi pasimenti.

“Nanga akhukhi aja ali kuti?” anafunsa mayiwo, maso ali m'chidebe.

Sindinkadziwa. Ndinkangodziwa kuti alongo awo ankakhala ku Manje. Ndinapitako wapansi Loweruka lotsatira. Pamene panali nyumbayo pali miyala ikuluikulu imene inatsika m'phiri nthawi ya namondwe wa Freddy. Mayi wogulitsa makala anati ena a banjalo anasamukira ku Machinjiri, koma sadziwa dera lake.

Masabata aja atakwana, nsomba ija inabwerera muthanki yake, ikudya ngati ilibe mwambo. Ine ku Machinjiri ndapitako kawiri, ndikufunsa m'misika ndi m'matchalitchi. Kwatsala madera ambiri.